Tinamuuza kuti asiye lero lomwe

Pali cholakwa chimene tinachita m'zaka zathu zoyamba za ubusa. Tachilemba pano chifukwa atumiki anzathu ena akuchichitabe, ndi mtima wabwino womwewo umene ife tinali nawo.

M'mudzi wina wa ku Angónia munali bambo amene anamwa kachasu zaka zambiri. Sanali womwa wa pamaliro kapena paukwati chabe ayi. Iye ankadzuka manja akunjenjemera, ndipo sankagwira khasu asanameze kaye pang'ono. Mkazi wake, mayi wa Chigwirizano, anatiitana. Tinapita ndi akulu a mpingo awiri, tinapemphera, ndipo bamboyo analira nalonjeza kusintha. Ife tinati, "Bambo, musiye lero lomwe, ngakhale dontho." Mowa wotsala tinautaya kuseri kwa nkhokwe, n'kubwerera kwathu tikuimba.

M'mawa mwake thukuta linali kamukamu, ndipo chakudya chinakana kukhala m'mimba. Usiku wachiwiri anagwa pansi nayamba kuphupha ngati wakhunyu. Pofika tsiku lachitatu sanathe kumzindikira mkazi wake. Ankaona njoka zikutsika padenga, nakuwa kuti nyerere zikumuyenda m'thupi. Achibale anati ndi ziwanda zikukana kutuluka, ena ananong'ona za ufiti. Ife, tinene zoona, tinaonjezera mapemphero, ndipo ulendo wa kuchipatala tinauchedwetsa usiku wathunthu.

Titafika naye pangolo, namwino anafunsa funso limodzi: "Abusa, bambowa anamwa komaliza liti?" Titayankha, anayamba ntchito osataya nthawi. Anayeza malungo ndi shuga wa m'magazi, popeza malungo a muubongo ndi kutsika kwa shuga zimasokoneza mutu mofananamo. Anam'patsa mankhwala otchedwa diazepam oletsa kuphupha, jakisoni wa vitamini B1 woteteza ubongo, ndi diripi yobwezera madzi m'thupi.

Wodwalayo atagona tulo, namwinoyo anatikhazika pabenchi natiphunzitsa mwaulemu zimene kusukulu ya Baibulo sitinamve. Mowa umafooketsa ubongo, ndipo ubongo wa munthu womwa tsiku ndi tsiku umazolowera kugwira ntchito molimbana ndi mowawo. Zili ngati ng'ombe zimene zikukoka ngolo mwamphamvu m'matope: goli likaduka mwadzidzidzi, zimathamanga popanda woziletsa. Kunjenjemera kumayamba tsiku loyamba lisanathe, kuphupha kumabwera kawirikawiri m'masiku awiri oyamba, ndipo kusokonekera mutu ndi kuona zinthu zimene palibe kumafika cha pa tsiku lachitatu. Gawo lotsirizali limapha ngati munthu sathandizidwa. Diazepam amalowa m'malo mwa mowa kwa masiku ochepa, akuchepetsedwa pang'onopang'ono mpaka ubongo utakhazikika. Choncho mawu athu aja akuti "lero lomwe" akadatha kumuika munthu m'manda.

Namwinoyo sanabadwe nazo nzeru zimenezi, anachita kuphunzitsidwa. Dziko lathu la Mozambique lili ndi madokotala ochepa a matenda a maganizo, ndipo n'chifukwa chake boma, kuyambira m'zaka za m'ma 1990, limaphunzitsa antchito otchedwa técnicos de psiquiatria ndi kuwatumiza kuzipatala za m'maboma. Komatu munthu wa kumudzi sayamba kukumana ndi técnico. Amayamba ndi namwino wa pachipatala chaching'ono, yemweyo amene akuchiza malungo ndi kubaya ana katemera. Bungwe la World Health Organization linaona vutoli m'maiko ambiri, ndipo mu 2008 linayambitsa ntchito ya mhGAP; mu 2010 linatulutsa buku lotsogolera antchito wamba a chipatala pa matenda a maganizo, kuphatikizapo a mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Palinso mafunso 10 otchedwa AUDIT, amene m'mphindi zochepa amasonyeza ngati kumwa kwa munthu kwafika poopsa.

Koma chimene chinatigwira mtima koposa si mankhwala. Ndi mmene namwinoyo analankhulira ndi wodwala atatsitsimuka. Sanamutche chidakwa. Anamfunsa kuchuluka kwa zimene amamwa monga mmene akadafunsira za chifuwa, ndipo bamboyo, amene kwa ife ankati ndi kabotolo kamodzi, kwa iye ananena zenizeni. Wantchito wosaphunzitsidwa amakalipa, napereka mankhwala a mutu, n'kumubweza munthu kunyumba. Sitingamuweruze kwambiri, pakuti ife a paguwa takhala tikuchita chimodzimodzi, kungoti ife tilibe ngakhale mankhwala a mutuwo.

Sitinasiye kupempherera omangidwa ndi mowa, ndipo kuledzera timakutchabe dzina lake. Chasintha ndi ichi: tikaitanidwa, timayamba tafunsa ngati munthuyo amamwa tsiku lililonse, ndiponso ngati amanjenjemera m'mawa. Akati inde, timapemphera, kenaka timamuperekeza kuchipatala asanasiye. Akulu a mpingo kumagawo onse tinawauza zomwezo.

Bambo uja anamwanso patapita miyezi isanu. Ife tinachita manyazi, koma namwino sanadabwe. Anati ambiri amagwa kangapo asanaime, ndipo anamulemberanso tsiku lobwera. Ulendo umenewo bamboyo anapita yekha, wapansi. Chaka chino wakumba mbatata ya kachewere yochuluka ndithu, ndipo ndalama zake akusunga ndi mkazi wake, monga anagwirizana pamaso pa namwino uja.