Loweruka mu Joni, Kuchokera ku Park Station Mpaka ku Mayfair

Wofuna kuudziwa mzinda wa Johannesburg ayambire pa Park Station Loweruka m'mawa, pamene mabasi ochokera ku Blantyre, Lilongwe ndi Harare akutsitsa anthu otupa mapazi. Pamanunkha dizilo ndi mafuta okazingira zitumbuwa. Anyamata onyamula katundu amalimbirana zikwama zikuluzikulu za mizeremizere zija, ndipo ukatchera khutu umamva Chichewa, Chiyao ndi Chitumbuka zikuphatikizana ndi Chizulu.

Ine ndine mwamuna wokonda amuna anzanga, ndipo tsikuli ndinali ndi mnyamata wa kwathu wofika kumene, amenenso ali ngati ine. Anabwera atamva kuti kuno malamulo amatilola kukhala momwe tilili. Ndinafuna kuti aone yekha kuti zimenezo n'zoona, komanso kuti aone pamene zimathera. Tisanatuluke pachipata ndinamuuza kuti foni aike m'thumba lakutsogolo, asayende ngati akufuna njira, ndipo Chichewa azichiyankhula motsitsa mawu. Anandiyang'ana modabwa. "Achimwene, ine ndimaona ngati chobisa ndachisiya kumudzi." Ndinamuuza kuti kuno zobisa zilipo ziwiri, ndipo umasankha chobisa malinga ndi msewu umene ukuyendamo.

Tinakwera mtunda wa Rissik Street kulowera ku Braamfontein. Pamwamba pake pali chipilala cha amuna atatu ogwira ntchito m'migodi, ndipo sindidutsapo osakumbukira agogo athu amene ankabwera kuno kudzera ku Wenela kudzakumba golide. Kuseri kwake kuli Metro Centre, likulu la khonsolo ya mzinda, nyumba yaikulu ya konkire imene inatsekedwa mu 2023 chifukwa sinalinso yotetezeka kugwiriramo ntchito. Ndale za mzinda uno zimaoneka bwino pamenepa. Chichitikireni zisankho za 2021, mpando wa meya wakhalapo Mpho Phalatse, Dada Morero, Thapelo Amad, Kabelo Gwamanda, kenako Morero kachiwiri. Zipani zimagwirizana m'mawa n'kudana madzulo, ndipo pamene zikukangana madzi amasowa m'mipopi kwa masiku, maroboti amazima, nyale za m'misewu osakonzedwa. Ena amati zimenezi sizikhudzana ndi moyo wa munthu ngati ine. Zimakhudzana kwambiri. Msewu wopanda nyale ndi umene mnyamata woyenda mwachikazi amamenyedweramo pochokera kuntchito usiku. Ndipo wandale amene walephera kukonza mpopi sachedwa kuloza chala kwa ife obwera.

Titakhotera mu De Korte Street tinapeza ana a sukulu a ku Wits atadzaza m'malo omwera khofi, nyimbo za amapiano zikutuluka m'galimoto iliyonse yoima. Anyamata awiri anatidutsa atagwirana manja, wina atapaka zikhadabo utoto wakuda. Palibe anawacheukira kupatula mnzangayo, amene anaima n'kuwaperekeza ndi maso mpaka atakhota. Mumsewu womwewu, pa 13 October 1990, ndi pamene panayambira ulendo woyamba wa Pride mu Africa monse. Anaukonza ndi a bungwe la GLOW, motsogozedwa ndi Simon Nkoli ndi Beverley Ditsie. Anthu analipo pafupifupi 800, ndipo ena anavala mapepala a m'sitolo kumutu, ataboola moonera, poopa kuchotsedwa ntchito kapena kuthamangitsidwa kwawo.

Nkoli ndi munthu amene ndimafuna Mmalawi aliyense wonga ine amudziwe. Anamangidwa mu 1984 chifukwa cholimbana ndi tsankho, n'kukhala mmodzi mwa anthu 22 a mlandu woukira boma wa ku Delmas, limodzi ndi Mosiuoa Lekota ndi Popo Molefe. Ali m'ndende momwemo anauza anzake kuti iye amakonda amuna. Ena anakwiya, ena sanafune kuzengedwa naye mlandu limodzi, koma iye sanabweze mawu, ndipo m'kupita kwa nthawi ambiri anasintha maganizo. Ufulu umene tikuyenda nawo lero sunachite kugwa kumwamba, unayambira m'mikangano ngati imeneyo. Makalata amene ankalemba ali m'ndende amasungidwa ku GALA, malo osungira mbiri yathu pa yunivesite ya Wits. Anamwalira ndi Edzi mu 1998.

Kuchokera apo ndi mtunda waufupi kufika ku Constitution Hill, ndipo kumeneko tinakhalitsa. Malowa anali ndende mpaka 1983. Gandhi anatsekeredwapo, Mandela nayenso. Mbali yotchedwa Number Four inali ya amuna akuda. Zipinda zake n'zazitali, mazenera ali pamwamba kwambiri, chimbudzi chili pakona mosabisika. Wotiyendetsa anatisonyeza mmene akaidi ankagonera mothithikana, akuluakulu a magulu kutali ndi chimbudzi, ofooka pafupi nacho. Kumapeto kuli tizipinda ta munthu mmodzimmodzi, zitseko zake zachitsulo zodzaza ndi mayina ndi masiku amene akaidi ankakanda. Mnzangayo analowa m'kamodzi, natambasula manja, n'kutuluka msanga.

Ukangotuluka m'menemo umakwera masitepe n'kufika pa khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, limene linasamukira pano mu 2004. Zitseko zake n'zazitali, zamatabwa, ndipo pa izo anasemapo maufulu a anthu, ena m'zizindikiro za manja za anthu osamva. Mkati mizati inapendekeka ngati mitengo, chifukwa omanga ankafuna kuti pafanane ndi pabwalo la milandu la pansi pa mtengo. Makoma a chipinda choweruziramo anamangidwa ndi njerwa zogumulidwa ku ndende ija. Kutsogolo kwa mipando ya oweruza 11 kuli zikopa za ng'ombe, ndipo m'khoma muli zenera lalitali lopyapyala lolingana ndi msewu, moti woweruza akakweza maso amaona miyendo yokha ya anthu odutsa, osadziwa ngati ndi olemera, osauka kapena obwera.

M'chipinda chimenechi, pa 1 December 2005, woweruza Albie Sachs anawerenga chigamulo chakuti kuletsa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha kukwatirana n'kuphwanya malamulo, ndipo chaka chotsatira nyumba ya malamulo inavomereza maukwatiwo. Maziko ake ndi gawo 9 la malamulo a 1996, loletsa kusala munthu chifukwa cha amene amamukonda. Edwin Cameron, mwamuna wokonda amuna anzake yemwenso ananena poyera kuti ali ndi HIV, anakhala pa umodzi wa mipando imeneyi kuyambira 2009 mpaka 2019. Mnzangayo anakhala pa benchi ya anthu wamba osayankhula. Ndinadziwa chimene ankaganiza. Tonse tinakula tikumva za Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, amene anachita chinkhoswe ku Blantyre mu December 2009, n'kulamulidwa kukakhala kundende zaka 14, mpaka Bingu wa Mutharika anawakhululukira atakumana ndi Ban Ki-moon. Gawo 153 la malamulo a milandu, loletsa amuna kugonana ndi amuna anzawo, likadalipo kwathu, ndipo mu June 2024 khoti la ku Blantyre linakana kulichotsa. Ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti chigamulo chimenecho chinali cholakwika, ndipo kukhala m'chipinda chino kumandilimbitsa pa chikhulupiriro chimenecho.

Ukaima pa linga la ndende yakale umaona Hillbrow yense, nsanja yake yaitali ndi nyumba yozungulira ya Ponte chapatali. Tinatsikirako masana dzuwa lili pamutu. Pamphambano ya Pretoria Street ndi Twist Street panali bala ya Skyline, imene kwa zaka zambiri amuna onga ife ankakumanirako, ndipo malowa anawatcha dzina la Simon Nkoli. Lero pali ogulitsa tomato, okonza mafoni, ometa tsitsi m'matenti, ndi madzi oipa oyenda m'mbali mwa msewu. Apa palibe amasamala kuti ndiwe wochokera kuti, chifukwa pafupifupi aliyense ndi wobwera, wa ku Congo, Nigeria, Zimbabwe. Koma apa sungagwire mnzako dzanja. Ndinaona mnzangayo atasintha yekha kayendedwe, mapewa atawakweza, osauzidwa ndi munthu.

M'takisi yopita ku Mayfair mantha amatembenuka. Ndalama imayenda kuchokera kumbuyo, dzanja ndi dzanja, ndipo wokhala pafupi ndi dalaivala ndiye amawerenga chenji. Dalaivala akakufunsa m'Chizulu iwe n'kuyankha m'Chingerezi, takisi yonse imadziwa kuti si iwe wa kuno. Masiku ambiri palibe chimachitika. Koma tonse timakumbukira May 2008, pamene chiwawa chinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62, ndipo gulu la Operation Dudula, limene linayamba ku Soweto mu 2021, limayenda poyera kuthamangitsa obwera m'misika ndi pa zipata za zipatala. Tikudutsa m'tauni ndinamulozera mbali ya Marshalltown. Kumeneko, pa 80 Albert Street, nyumba ya Usindiso inapsa pa 31 August 2023 n'kupha anthu 76, ndipo pakati pawo panali Amalawi. Nyumbayo inali ya khonsolo, imene inaisiya m'manja mwa zigawenga zolipiritsa lendi. Munthu amene banja lamukana, wopanda mapepala, wopanda wachibale womusunga, m'nyumba zoterozo ndi momwe amathera. Malamulo a othawa kwawo a 1998 amavomereza kuti munthu wozunzidwa chifukwa cha amene amamukonda apemphe chitetezo, koma anzanga amene anayesapo amanena za mizere yoyambira usiku ndi mafunso ochititsa manyazi, ndipo ambiri amangosiya.

Ku Mayfair tinafika njala itatipweteka. Kuno ndi ku Fordsburg Amalawi ambiri amagwira ntchito m'masitolo ndi m'malo odyera, ndipo kuseri kwa nyumba ina kuli amayi a kwathu amene amaphika nsima yeniyeni, ya ufa woyera, ndi usipa ndi chigwada zimene amatumiziridwa pa basi. Tinasamba m'manja n'kukhala pa benchi limodzi ndi amuna ena ochokera kukatumiza ndalama pa Mukuru. Pakhoma panali TV, ndipo mmene tinkayamba kudya munatulukira Somizi Mhlongo, tsitsi lake la mtundu wowala, akuseka ndi thupi lonse. Somizi amamudziwa aliyense kuno. Anasewera mu Sarafina ali mnyamata, anakhala woweruza wa Idols kwa zaka zambiri, ndipo ukwati wake ndi mwamuna mnzake mu 2019 unaonetsedwa pa Showmax. Amuna a pa benchi anayamba kumutukwana, wina n'kunena kuti kwathu zoterezi sitingazilole. Komabe palibe anasintha tchanelo. Anaonera mpaka kumapeto, akuseka nthabwala zake zonse.

Zimenezi ndaziona kawirikawiri. Anthu amamulandira munthu ngati ife akakhala pa TV, woseketsa, wolemera, wa kutali. Akayandikira pa zinthu zimene amaziona kuti n'zopatulika, nkhani imasintha. Filimu ya Inxeba ya 2017, yonena za chikondi cha amuna awiri kumalo a chinamwali cha Axhosa, inachotsedwa m'malo oonetsera mafilimu itaikidwa m'gulu la zolaula, mpaka khoti linalowererapo, ndipo Nakhane, amene anasewera mbali yaikulu, anaopsezedwa kuti aphedwa.

Amayi aja anabwera ndi nsima ina. "Achimwene, mlamu wathu tidzamuona liti? Zaka zikupita izi." Ndinayankha kuti ndikusakasaka ndalama kaye, amayi. Anaseka, nandiwonjezera usipa osalipiritsa. Ndimawakonda amayiwa. Ndi iwo amene anasonkhetsa ndalama pa gulu lathu la pa WhatsApp pamene mnyamata wina wa kwathu anamwalira, kuti thupi lipite kumudzi. Ndikadzafa kuno, gulu lomweli la pa WhatsApp ndi limene lidzandinyamule. N'chifukwa chake kukhala chete kwanga pa benchi imeneyi kumandiwawa kuposa kwina kulikonse, ndipo sindimuweruza aliyense amene amasankha chimodzimodzi.

Tikudikira takisi yobwerera, mnzangayo anafunsa za Pride. Ndinamuuza kuti waukulu umachitika mu October ku Sandton, pakati pa mabanki ndi mahotela, ndi mbendera za makampani, ndipo ambiri a m'makomboni amadandaula kuti ndi wa anthu a ndalama. Mkanganowu ndi wakale. Mu 2012 amayi a gulu la One in Nine anagona pamsewu ku Rosebank kuimitsa ulendowo, kupempha mphindi imodzi yokumbukira ophedwa, monga Eudy Simelane, wosewera mpira wa Banyana Banyana amene anaphedwa ku KwaThema mu 2008, ndipo okonza mwambowo anawakankha. Ku Soweto kumachitika wina, waung'ono, wa ukali wochuluka, ndipo ine ndimakonda umenewo.

Iye anati adzapita konse kuwiri, koma adzavala chipewa ndi magalasi akuda, chifukwa zithunzi zimafika pa Facebook tsiku lomwelo ndipo mayi ake ndi a chigwirizano cha amayi kutchalitchi. Ndinamuuza kuti palibe cholakwika, ndipo ndidzamubwereka chipewa changa. Kenako tinayamba kukambirana za Lolemba, poti mnzanga wina wa ku Fordsburg anali atanena kuti pamalo ena odyera akufuna munthu wotsuka mbale, ndipo amafuna wofika isanakwane 7 koloko.