Chotsekera Madzi Chimene Tidachiiwala

Kuseri kwa nyumba imene tikhalamo, pafupi ndi khoma la khitchini, pali kadzenje kovindikira ndi chitsulo. M'kadzenjemo ndimo muloŵa paipi yobweretsa madzi kuchokera ku mseu, ndipo muli zinthu ziŵiri zokha: mita yoŵerenga madzi, ndi chotsekera chachikulu chokhala ndi kagudumu kofiira pamwamba pake. Kwa zaka zambiri tidapita pamenepo m'maŵa ndi madzulo, koma palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene adaŵeramapo kuti aone ngati kagudumu kaja kakali kuzungulira.

Usiku wina wa mwezi wa Juni, kukuzizira, tidadzidzimuka ndi mkokomo wa madzi. Paipi idaphulika pamene iloŵera m'khoma, ndipo madzi adali atafika kale m'chipinda chosungiramo ufa. Tidathamangira ku kadzenje kuja ndi tochi, tili ndi chikhulupiriro chonse kuti tikangopotokola kagudumu, vuto latha. Kagudumu kadakana. Tidatenga sipanala, tidakakamiza, ndipo kadathyokera m'manja mwathu. Usiku wonsewo tidachezera kukulunga paipi ndi mphira ya chubu cha njinga ndi kutaya madzi m'ndowa, kufikira m'maŵa pamene adabwera otseka madzi kunja kwa mita. Matumba aŵiri a ufa adawonongeka, ndipo ndalama zolipira madzi mwezi umenewo sitifuna kuzikumbukira.

Pulambala amene adatithandiza adali munthu wachikulire, wosafulumira kulankhula. Atadula paipi yakale ija, adatiitana kuti tisuzumiremo. Kunja idaoneka yolimba ndithu, koma m'kati mwake dzimbiri lidadzaza, kotero kuti njira ya madzi idatsala yaing'ono ngati ya bango. Tsono adati: "Abambo, chotsekerachi sichidafe dzulo ayi. Chidafa kalekale, koma inu simudamve za maliro ake chifukwa simudachigwirepo."

Mawu amenewo atikhala mumtima, pakuti akulongosola bwino m'mene zinthuzi zimawonongekera. Mapaipi achitsulo a m'nyumba zakale adakutidwa ndi zinki kuti asachite dzimbiri. Koma zinkiyo imatha pang'onopang'ono, ndipo ikatha, chitsulo chimayamba kudyeka kuyambira m'kati. Kudyekako kumafulumira makamaka pamene chitsulo chilumikizana ndi mkuwa, chifukwa zitsulo ziŵiri zosiyana zikakhudzana m'madzi, chimodzi chimadyeka msanga. Nchifukwa chake paipi imakonda kuphulika pafupi ndi chotsekera kapena mita. Chotsekera nacho, chikakhala zaka osazunguliridwa, litsiro ndi dzimbiri zimachimanga. Ndipo ngati chili cha mtundu wokhala ndi kamphira m'kati, kamphirako kamauma ndi kung'aluka, motero kuti ngakhale munthu atseke zolimba, madzi amapitabe.

Tiyenera kuvomera kuti zizindikiro zidalipo, koma tidazinyozera. M'maŵa madzi oyamba ankatuluka ofiirira. Mphamvu yake pa mpopi idali kuchepa chaka ndi chaka, ife nkumangodandaula kuti madzi avuta masiku ano. Udzu wa pafupi ndi kadzenje udali wobiriŵira ngakhale m'chilimwe, pamene wina wonse udali utauma. Zonsezi zinkalankhula, koma ife tidazoloŵera. Akuluakulu adanena zoona kuti chitsime chakale chiphetsa ndi ludzu: chinthu chimene chatitumikira nthaŵi yaitali timachidalira kopanda kuchifunsa ngati chikali ndi mphamvu.

Wina angati kudontha kwa madzi nkanthu kochepa. Koma tiyeni tiŵerenge. Pa tsiku pali masekondi 86,400. Ndipo dontho limodzi pa sekondi iliyonse lingadzaze ndowa ya malita 20 tsikulo lisanathe. Tikumbukirenso kumene madziwo achokera. Ambiri mwa madzi amene anthu amamwa mu mzinda wa Blantyre amatungidwa mu mtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, ulendo wa makilomita pafupifupi 40, ndipo makina amawakankha kukwera mtunda wa mamita pafupifupi 800 asanafike m'nyumba. Dontho lililonse ladya magetsi ndi thukuta la anthu. Kulilola kuti lithere m'dothi kuseri kwa khitchini, pamene amayi ena m'mzinda womwewo akudzuka mbandakucha kukandanda pa mpopi wogula, si nkhani ya ndalama zathu zokha ayi.

Nanga tichitenji? Choyamba, aliyense m'nyumba, ngakhale mwana wa sukulu, adziŵe pamene pali chotsekera, ndipo pamalopo pakhale polambula. Chachiŵiri, kaŵiri pa chaka titseke ndi kutsekula chotsekeracho mwaulemu, ndi dzanja; chikalimba tisachikakamize monga tidachitira ife, koma tiitane mmisiri nthaŵi ikadalipo. Chachitatu, usiku wina titseke mipopi yonse, tilembe nambala ya pa mita, ndipo m'maŵa tiyang'anenso. Ikasuntha, ndiye kuti penapake madzi akuthaŵa. Mita yeniyeniyo, pamodzi ndi paipi ya kunja kwake, nza bungwe la madzi, ndipo zikavuta tiyenera kukanena, osati kumasula tokha. Koma kuchokera pa mita kuloŵa m'nyumba, udindo ndi wathu. Ndipo ikafika nthaŵi yosintha, tisakonde kumata chigamba pa paipi yovunda, pakuti idzaphulikanso patsogolo pang'ono.

Mkulu uja adachotsa paipi yonse kuchokera pa mita kufika m'khoma, naikapo yapulasitiki, imene siichita dzimbiri, ndipo adaikwirira bwino kuti dzuŵa ndi khasu zisaiwononge. Adaikanso chotsekera chatsopano chokhala ndi chogwirira, chimene chimatseka munthu akangochikhotetsa kamodzi. Asanachoke adatiuza kuti aliyense wa ife achiyese iye akuona, kuyambira wamkulu mpaka mnyamata wothandiza kukhitchini, ndipo tonse tidagwada pa kadzenje paja mmodzimmodzi.

Pa kalendala ya m'khitchini talembapo masiku aŵiri, lina mu Januwale, lina mu Julayi. Tsikulo likafika, mmodzi wa ife amapita kuseri, navundukula chitsulo chija, natseka madzi, naŵatsekulanso. Ntchito yake siitenga ngakhale mphindi ziŵiri.