Mlandu wa Mvula pa Kafue

Munthu wocokera ku Lusaka kulinga kum'mwera, akayenda makilomita ngati 45, afika pa mzinda wa Kafue, umene unamangidwa m'mbali mwa mtsinje wa dzina lomwelo. Pamenepo pali ulalo wa njanji umene unatha kumangidwa m'caka ca 1906, ndipo kum'mawa kwace, kumene madzi atsikira m'cigwa ca miyala, kuli makina opanga magetsi a Kafue Gorge.

Mu mzindawo mukhala mkulu wina wa zaka zoposa 80. Iwo anacokera ku Fort Jameson, kumene lero kuchedwa Chipata, nadza ku Kafue ali mnyamata, dziko lisanalandire ufulu wace m'caka ca 1964. Masiku amenewo sitima zinali kuyenda ndi moto, ndipo nchito yao inali kusenza malasha ocokera ku migodi ya Wankie. Atapuma nchito anapeza kamunda kunja kwa mzinda, nakhala ndi mdzukulu wao wamkazi, amene anatsiriza sukulu m'caka ca 2023.

Dzinja lotsatira mvula inayamba bwino, cimanga cinamera, koma pakati pa January inadula, ndipo mwezi wonse wa February dzuwa linaomba kosalekeza. Cimanga ca mkuluyo cinauma cisanabereke. Pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko, Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse, pakuti mwa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga, pafupifupi miliyoni imodzi inali itaonongeka. Madzi anacepa ku Kariba ndi ku Itezhi-Tezhi, ndipo pofika September magetsi anali kuzima kufikira maora 21 pa tsiku m'malo ambiri. Zigayo zinaima, amisiri a zitsulo anangokhala manja lende, ndipo njinga zosenza matumba a makala zinacuruka pa mseu.

Usiku wina, ali kuotha mbaula mu mdima, mtsikanayo anati, "Agogo, anthu ophunzira za mlengalenga pa dziko lonse abvomerezana kuti dziko liri kutentha, ndi kuti olitenthetsa ndi anthu."

Mkuluyo anaseka pang'ono nati, "Mdzukulu wanga, cilala sicinayambe lero. Akulu anatisimbira za njala ya 1949 ku Nyasaland, ndipo ine ndinaona ya 1992, pamene tinadya nsima ya cimanga cacikasu cocokera kunja. Acuruke acuruke ngwa njuci, umanena iyo yakuluma. Usandiwerengere mitu ya anthu, undichulire cimene anaona."

Mau a mkuluyo anali a nzeru, pakuti kucuruka kwa onena sikusandutsa bodza kukhala coona. Pa bwalo la milandu mfumu siwerenga mboni. Imafunsa mboni iri yonse payokha pamene inaima ndi cimene inaona. Mboni zimene zinapangana usiku zingakhale khumi, umboni wao ndi umodzi cabe. Koma mboni zosadziwana, zocokera m'midzi yosiyana, zikaloza munthu mmodzi yemweyo, mlandu umakhala wolemera. Mtsikanayo anazindikira ici, cotero masiku otsatira anafufuza m'mabuku ndi pa foni yace magetsi akabwera, nabweretsa mboni zace kwa agogo ace imodzi imodzi.

Mboni yoyamba inali yakale koposa mkuluyo. M'caka ca 1856 mai wina wa ku America, Eunice Foote, anaika mipweya yosiyana m'mabotolo a galasi pa dzuwa, naona kuti botolo la mpweya wa carbon dioxide, umene uturuka pa moto uli wonse, linatentha koposa ena ndipo linacedwa kuzizira. M'caka ca 1859 John Tyndall, ku London, anayesa ndi zipangizo zabwino koposa, napeza kuti mpweyawu umagwira kutentha kumene nthaka ibweza kumwamba. M'caka ca 1896, zaka khumi ulalo wa Kafue usanathe, Svante Arrhenius wa ku Sweden anawerengera kuti mpweyawu ukacuruka dziko lidzafunda. Onsewa ananena izi kutentha kusanaoneke.

Mboni yaciwiri inali ya muyeso. M'caka ca 1958 Charles Keeling anayamba kuyesa mpweya pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii, kutali ndi utsi wa mizinda. Anapeza magawo 315 a carbon dioxide mwa magawo miliyoni imodzi a mpweya. Muyesowo upitirira kufikira lero, ndipo wapyola 420. Mpweya wakale umene unatsekeredwa m'madzi oundana a ku Antarctica usonyeza kuti mafakitale asanayambe magawowo anali ngati 280. Ndipo akatswiri akaupima mpweya woonjezekawo, aupeza uli ndi cizindikiro ca zomera zakalekale, ndizo zimene zinasanduka malasha ndi mafuta pansi pa nthaka.

Mboni yacitatu inali zipangizo zopimira kutentha, za pa mtunda, za m'zombo ndi za m'nyanja, zosungidwa ndi maiko osiyana. Zonse pamodzi zisonyeza kuti zaka za 2011 kufikira 2020 zinafunda ndi digiri 1.1 kuposa zaka za 1850 kufikira 1900, ndi kuti caka ca 2024 cinatentha koposa zaka zonse zolembedwa cisanafike.

Pamenepo mkuluyo anafunsa nati, "Nanga dzuwa? Kapena ndilo lakula mphamvu."

Mtsikanayo anayankha kuti ciyambire 1978 makina oyenda mu mlengalenga akhala ali kupima mphamvu ya dzuwa, ndipo siinaonjezeke. Anatinso dzuwa likanakhala mwini mlandu, mpweya wonse ukanafunda, wapansi ndi wapamwamba pomwe. Koma wapansi uli kufunda pamene wa kumwamba kwenikweni uli kuzizira. Mkuluyo anakhala cete kanthawi, kenaka anati, "Ico ndacimva. Munthu akafunda bulangete m'mwezi wa June, m'kati mufunda koma pamwamba pa bulangete pazizira. Moto sunakule, cofunda ndico cakhuthala."

Atatha izi ndi pamene mtsikanayo anachula ciwerengero ca akatswiri. M'caka ca 2013 John Cook ndi anzace anawerenga mau otsogolera a zolemba za akatswiri pafupifupi 12,000, napeza kuti mwa zimene zinanenapo za cifukwa ca kutentha, 97 pa 100 ziri zonse zinaloza anthu. Kuwerenga kwina kwa m'caka ca 2021 kunapeza zoposa 99 pa 100. Caka comweco bungwe la IPCC, limene maiko analikhazikitsa m'caka ca 1988 kuti lidzisanthula zopeza za akatswiri onse, linanena kuti palibenso cikaiko pa nkhaniyi. Mgwirizano wotere sunacokere pa kukondana, pakuti mwa anthu amenewa munthu amachuka akapeza colakwa ca mnzace. Anatsutsana zaka zambiri, nayesa dzuwa, mapiri ophulika ndi kusintha kwa nyanja, ndipo zonsezi zinalephera kufotokoza kutentha kumene kwaoneka.

Tsono mkuluyo anafunsa funso limene linali kuwasautsa mumtima. "Cimanga canga ici, cauma cifukwa ca utsi umenewo?"

Mtsikanayo akanatha kubvomera kuti apambane mkangano, koma ananena zimene anawerenga. M'mwezi wa April 2024 gulu la akatswiri lochedwa World Weather Attribution linafufuza cilala comweco, napeza kuti cimene cinadula mvula makamaka cinali El Niño, ndiko kufunda kwa madzi a nyanja ya Pacific kumene kubwera pakapita zaka zowerengeka, monga kunabwera nthawi ya cilala ca 1992. Iwo sanapeze umboni wokwanira wakuti utsi wa anthu ndiwo unacepetsa mvula caka cimeneco. Cimene akatswiri atsimikiza ndi cakuti kutentha kuli kukwera, kuti dzuwa lotentha liumitsa msanga nthaka ndi madambo monga a Kafue Flats, ndi kuti kum'mwera kwa Africa cilala cidzabwera kawiri kawiri ndi kuluma koposa pamene kutentha kupitirira.

Mtsikanayo anaganiza kuti mau awa agwetsa mlandu wace, koma ndiwo amene anakopa agogo ace. Iwo anati, "Mboni imene idziwa ponenera kuti apa ndinaona, apa sindinaone, imeneyo ndiikhulupirira. Akadati ciri conse coipa ndi utsi, ndikadawayesa ogulitsa mankhwala a pa msika, amene botolo limodzi liciza matenda onse."

Kenaka anayang'ana manja ao, amene anasenza malasha zaka zambiri, nafunsa ngati iwonso ali nao mlandu. Mdzukulu anawauza kuti Africa yense aturutsa magawo osafika 4 mwa 100 a utsi wa malasha ndi mafuta wa dziko lonse, ndi kuti mtolo waukuru uli pa maiko a mafakitale, amene analonjeza ku Paris m'caka ca 2015 pamodzi ndi maiko ena onse kuti adzaucepetsa. Komabe anthu a pa Kafue ali ndi gawo lao. Magetsi ambiri a Zambia acokera ku madzi. Madzi akacepa anthu athamangira makala, mitengo igwa, ndipo nthaka yopanda mthunzi siisunga cinyontho.

Pofika nyengo yobzala mkuluyo anagawa munda wao patatu. Mbali ina anabzala cimanga cocha msanga, ina mapira, ina cinangwa, ndipo timitengo ta msangu timene kale anali kuzula anatisiya. Anakhomanso mtengo pabwalo, naikapo citini, nauza mdzukulu wao kuti m'mawa muli monse mvula ikagwa apime madzi ndi rula ndi kulemba m'kabuku pamodzi ndi tsiku lace.

Dzinja limenelo mvula inagwa bwino, ndipo m'caka ca 2025 dziko linakolola cimanga cambiri. Anansi anawaseka mkuluyo cifukwa ca mapira ao, nati, "Kutentha kwanu kuja kwapita kuti?" Iwo anayankha kuti monga caka cimodzi ca cilala sicitsimikiza mlandu, caka cimodzi ca mvula siciuthetsa, pakuti nkhaniyi iweruzidwa ndi zaka makumi ambiri zoikidwa pamodzi.

Anyamata ndi atsikana oturuka sukulu adzamva mau ambiri pa nkhani iyi, ena okana zonse, ena oopseza pa ciri conse. Acita bwino akatsata njira ya mkulu wa pa Kafue: kufunsa cimene cinayesedwa, amene anayesa, ndi ngati ena osadziwana nao anapeza zomwezo. Kabuku ka mvula kaja kakali m'nyumba mwao, ndipo mkuluyo anauza mdzukulu wao kuti iwo akadzapita asadzaleke kulembamo.