Kalata kwa Mwana Wanga Wopita ku Ndata

Makokola,
Mangochi.

Mwana wanga wokondedwa,

Popeza nthawi yakwana yoti uchoke pakhomo pano ndi kukayamba maphunziro pa sukulu ya ukachenjede ya MUST ku Ndata, m'boma la Thyolo, ndipo popeza amayi ako ndi azakhali ako akupatsa kale mwambo wonse woyenera mwana wamkazi wokakhala pakati pa alendo, ine ndayesa chanzeru kusabwereza zimene iwo anena bwino koposa mmene ndikadanenera, koma kukulembera za chinthu chimodzi chimene sadachikhudze, ndicho kasamalidwe ka kompyuta ndi foni zimene amalume ako akutumizira kuchokera ku Joni. Ndalemba papepala chifukwa mawu a akulu akoma akagonera, ndipo pepala lidzakudikira kufikira tsiku limene udzawafune.

Uyambe wadziwa mtengo wa zinthuzi. Amalume ako sadazitole panjira. Adazigula ndi thukuta la m'dziko la eni, kumene anyamata ambiri a kuno ku Mangochi amagona mothithikana m'tizipinda kuti akwawo aone tsiku labwino. Ndiponso chiyambire November 2023, pamene mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti, katundu yense wochokera kunja adakwera mtengo kotero kuti ine, ndingakhale nditaphatikiza penshoni yanga ndi mbuzi zonse za m'khola, sindingathe kukugulira kompyuta ina iyi ikafa. Chifukwa chake udziyese kapitawo wosungitsidwa chuma cha mwini, amene tsiku lina adzafunsidwa mmene adachisungira.

Mdani woyamba wa makinawa ndi kutentha, ndipo iwe wobadwira kuno, kumene mu October mchenga wa kugombe umawotcha mapazi dzuwa lisanafike pamutu, suyenera kuuzidwa kawiri. M'zaka zimene ndidali kalaliki pa malo ena ogona alendo m'mphepete mwa nyanja muno, ndidaona anthu ophunzira ndithu akusiya mafoni awo padzuwa iwo nkulowa m'madzi, nadabwa pambuyo pake kuti batire silikusunganso moto. Mabatire a masiku ano, opangidwa ndi lithium, amakalamba msanga akamatenthedwa, ndipo amakhalitsa akamasungidwa pakati, osatsitsidwa kufikira foni itazima yokha, osasiyidwanso pamoto usiku wonse atadzaza kale. Odziwa amati pakati pa 20 ndi 80 peresenti ndipo pabwino. Udaona mmene msodzi wa boti la injini amacheukira kawirikawiri kamadzi kotuluka kumbuyo kwa injini yake, ndi kuti kakangoleka kutuluka amazimitsa pomwepo, podziwa kuti injini yosazizidwa ipsa. Momwemonso kompyuta ili ndi fani m'kati, yokoka mphepo kudzera m'timabowo ta pansi ndi ta m'mbali, ndipo ukaiika pa bulangeti kapena pa matiresi, monga ana a sukulu akonda kuchita pogona chafufumimba ndi kumaonera mafilimu, waitseka mphuno. Iike patebulo, ndipo fumbi la m'timabowomo uzilichotsa ndi kaburashi kouma. Foni usaitchaje pansi pa pilo. Ukadzaona batire litafufuma, kapena chivundikiro cha kumbuyo chikudzuka chokha, usadzalikanikize kapena kuliboola, koma uzimitse ndi kupita nalo kwa wokonza. Pakuti mu 2016 ngakhale kampani yaikulu ya Samsung idaitanitsa mafoni ake onse a Galaxy Note 7 chifukwa mabatire ake ankayaka moto, ndipo makampani a ndege adaletsa anthu kukwera nawo.

Kumene ukupitako dzuwa silikakuzunza monga kuno, koma ukakumana ndi chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza ya miyezi yozizira, yonyowetsa ngakhale zovala za m'sutikesi. Kompyuta uzinyamula m'chikwama chake, ndipo masiku a mvula uyambe waikulunga m'pulasitiki. Kapu ya tiyi ikhale patali ndi kiyibodi, ndipo usadyere pamwamba pake, chifukwa nyenyeswa zimaitana nyerere ndi mphemvu, zimene zikapeza malo ofunda m'katimo zimamanga mudzi. Foni ikagwera m'madzi, izimitse, usaitchaje, uipukute ndi kuisiya pamthunzi popita mphepo kufikira itaumiratu. Anzako adzakuuza kuti uikwirire mu mpunga. Mpungawo uphike udye, pakuti ngakhale a kampani ya Apple adachenjeza kuti tizidutswa ta mpunga tikhoza kulowa m'mabowo a foni ndi kuiwononga.

Za magetsi ndinenapo motalikirapo, pakuti ndipo pagona imfa ya makina ambiri m'dziko muno. Madzi omwewa amene wakhala ukutunga ndi kusamba chibadwire, akatuluka m'nyanja nalowa mu Shire kufupi ndi boma la Mangochi, napyola Malombe ndi Liwonde, ndiwo amakazunguza makina a EGENCO ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, ndipo kuchokera kumeneko a ESCOM amatifikitsira mphamvuyo pa mawaya. Kotero kuti mtsinjewo ukaphwa, kapena ukadzala matope ndi zinyalala, kapena ukakalipa monga udachitira mu January 2022, pamene namondwe wa Ana adagumula damu la ku Kapichira nachotsa pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka, dziko lonse limagawana mdima. Komatu kuzima kwa magetsi si kumene kumawononga kwambiri; choopsa ndi kubwera kwake, pakuti pa kamphindi koyambako mphamvu nthawi zina imalumpha kupyola muyeso wa mavolti 230 woyenera kuyenda m'mawaya a m'nyumba, ndipo tchaja yosiyidwa pakhoma ndiyo imalandira nkhonyayo. Tsono magetsi akazima uzizula pulagi, ndipo akayaka uziyamba wadikira pang'ono, uone kuti babu laleka kuphethira. Mvula ya ziphaliwali ikayamba uzizulanso zonse. M'ndalama zimene ndakupatsa muli yogulira kachipangizo kotchinjiriza kamene ogulitsa amakatcha surge protector, usakagulire nsapato.

Tchaja imene yabwera ndi kompyutayi uisunge ngati kompyuta yomwe, ndipo usaibwereketse chisawawa. Podutsa ku Limbe udzaona matchaja okongola atayalidwa m'mbali mwa msewu pa mtengo wotsika modabwitsa, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: ambiri a iwo ndi opepuka m'manja chifukwa adamanidwa zitsulo zoteteza, amatentha msanga, ndipo amapha batire pang'onopang'ono. Ndamva kuti kuyambira pa 28 December 2024 maiko a European Union adalamula kuti mafoni atsopano onse azikhala ndi potchajira pa mtundu umodzi wa USB-C, ndi kuti a Apple nawo adagonja kuyambira pa iPhone ya 2023. Nkhani yabwino imeneyo, ndipo idzatipepukitsira katundu ifenso. Koma kukwana kwa waya pabowo sikusonyeza kuti waya ameneyo ndi wabwino. Zina zatsopano, monga 5G imene a TNM adayamba kuyesa mu 2023, kapena intaneti ya Starlink yochokera kumwamba imene idafika m'dziko muno chaka chomwecho, uzimve ndi kuziphunzira monga mwana wa sayansi, koma zisakupatse njala ya foni ina pamene iyi ikugwira ntchito.

Zonse ndanenazi ndi za thupi la makina chabe, ndipo thupi likafa, ngakhale movutika, lina limapezeka. Chimene ndikuopera iwe kwenikweni ndi za m'kati mwake, ndizo zolemba zako, ndalama zako ndi mbiri yako, pakuti zimenezi zikatayika palibe sitolo yozigulitsa. Ntchito iliyonse ya m'kalasi uziisunga patatu: m'kompyuta, pa fulashi yosakhala m'chikwama chimodzi ndi kompyutayo, ndi pa intaneti, pamene Google Drive imapatsa munthu aliyense malo a 15 GB kwaulere. Uzichita zimenezi tsiku lomwelo, usanagone, chifukwa zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo mphunzitsi sadzalandira misozi m'malo mwa ntchito. Fulashi imene yalowa m'makompyuta a kosindikiza mapepala kapena a anyamata oika nyimbo m'mamemore uziyamba waipima usanaitsekule, pakuti m'menemo ndimo mumayenda mavairasi obisa mafayilo. Mapulogalamu akuba, amene mnzako adzakupatsa mokoma mtima, kawirikawiri amabwera ndi mlendo wosaitanidwa.

Pali chinanso choti ukafunse msanga. A Microsoft adaleka kutumiza zotetezera zaulere za Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo makompyuta ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito, onga amene amabwera kuno kuchokera ku Joni, ndi akale moti sangalandire Windows 11. Ukafika upite nayo ku ofesi yoona za makompyuta ya pasukulupo, akakuuze ngati yako ingakwezedwe, ndipo ngati singathe, akakulangize za Linux, imene siigulidwa ndipo imayenda bwino ngakhale pa makina okalamba. Usachite manyazi, pakuti safunsa adadya phula. Ndipo uthenga ukabwera woti makina akufuna kudzikonzanso, usamangoukankhira mawa poumira bandulo. Dikira ufike pa intaneti ya sukulu, ulole. Usayese kuti akuba a pa makina ndi nthano za ku Ulaya: mu February 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera adauza Nyumba ya Malamulo kuti akathyali adalowerera makina opangira ziphaso zoyendera nafuna dipo, ndipo kwa milungu ingapo Amalawi adasowa mapasipoti. Ngati zidatheka pa nyumba ya boma yokhala ndi alonda ake, nanga kompyuta ya mwana wa sukulu idzalimba bwanji ikasiyidwa chitsekulire?

Ife a kale tidakula ndi telegalamu ndi ndalama zotumiza pa positi, ndipo wakuba ankayenera kubwera ndi miyendo yake usiku. Mafoni a m'manja adafika ndi TNM mu 1995, kenaka Celtel mu 1999, imene idasanduka Zain, nisandukanso Airtel mu 2010; ndipo chiyambire Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, chikwama cha munthu chidasamukira m'foni, wakuba nayenso nasamukira momwemo, kumene safuna nyundo kapena mdima, koma lilime lokoma basi. Udzalandira uthenga wakuti ndalama ija utumize pa nambala iyi, ngati kuti wolembayo mudapangana kale. Udzaimbiridwa ndi munthu wa mawu aulemu wonena kuti wakutumizira ndalama molakwitsa, umubwezere. Wina adzati wapambana mphoto pa mpikisano umene sudalowe, wina adzati dzina lako latuluka pa Mtukula Pakhomo kapena pa ngongole ya ophunzira, ungolipira kangachepe kolembetsera. Ndipo woipitsitsa adzakuuza kuti ine kapena amayi ako tagonekedwa m'chipatala. Onsewa chida chawo ndi chimodzi, ndicho kukufulumizitsa kuti usapeze mpata woganiza. Iwe dula foniyo, uyang'ane wekha ndalama zimene zili mu akaunti yako, ndipo ngati nkhani ikukhudza kwathu, uimbe pa nambala yanga imene ukuidziwa. Kuona maso a nkhono nkudekha. Nambala yako yachinsinsi isakhale chaka chako chobadwa, ndipo usaiuze ejenti, kapena mnzako wa m'chipinda, kapena mnyamata wokulonjeza ukwati, kapena woimba foni wodzitcha wa ku kampani, pakuti kampani yeniyeni siifunsa nambala imeneyo. Chimodzimodzinso manambala 6 amene WhatsApp imatumiza pa foni yako: wowapempha akufuna kulanda dzina lako kuti akapemphere ndalama kwa abale ako onse.

Usanakwere minibasi, dina *#06# pa foni yako, ndipo manambala 15 amene atuluke, otchedwa IMEI, uwalembe m'kope ndi kundisiyira ine, pamodzi ndi nambala yolembedwa kunsi kwa kompyuta, chifukwa zikadzabedwa apolisi adzafuna zimenezo. Simukhadi yako idalembetsedwa ndi chiphaso chako cha unzika, monga a MACRA adalamulira mu 2018, ndipo chilichonse chochitidwa pa nambala imeneyo chidzafunsidwa kwa iwe. Chifukwa chake usalembetsere munthu wina simukhadi m'dzina lako, angakhale akhale wa mpingo wako. M'madepoti a ku Liwonde, Zomba ndi Limbe chikwama chikhale pamiyendo pako, osati kumbuyo pamodzi ndi matumba a nsomba.

Chotsala ndi chovuta kuti bambo anene kwa mwana wake wamkazi, koma wakutsina khutu ndi mnansi. Makolo adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo adanena zimenezi m'masiku amene mawu ankatha ndi mphepo. Koma mawu olembedwa pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp, ndi chithunzi chotumizidwa kwa munthu mmodzi yekha mwa chikondi, sizifufutika ngakhale mwini atazifufuta, pakuti wina adazisunga kale, ndipo zidzatulukira tsiku lofunsira ntchito kapena tsiku la chinkhoswe. Chithunzi chimene sungathe kuonetsa amayi ako usachijambule nkomwe. Udziwenso kuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limalanga onyoza ndi ozunza anzawo pa makina, ndipo alipo Amalawi amene adagona m'chitokosi chifukwa cha mawu amene adangotumiza pa gulu ali chisekere. Lamulo lomwelo likutetezanso iwe: munthu akadzakuopseza kuti akuyalutsa ukapanda kumupatsa ndalama kapena china, usadzalipire ndipo usadzabise, koma usunge mauthengawo, uuze akuluakulu a sukulu ndi apolisi, undiuzenso ine, ndipo sindidzayamba ndi kukukalipira.

Usipa ndi ufa zimene amayi ako amanga zili m'thumba lapadera. Zisayandikane ndi chikwama cha kompyuta, chifukwa cha nyerere zija. Ukafika ulembere amalume ako uthenga wothokoza, ndi mawu athunthu, osati tizithunzi ta manja. Ife uzitiimbira Lamulungu masana tikaweruka ku tchalitchi, ndipo ukapeza foni yanga yazima, uyese ya amayi ako. Ambuye akutsogolere pa ulendo wako.

Ndine,
Bambo ako.