Mabuleki akalira pa Likoma

Pa Likoma magalimoto ndi owerengeka, choncho imodzi ikadwala chilumba chonse chimamva. Mwezi watha pikiapu yanga, yomwe ndimanyamulira ufa ndi simenti kuchokera kudoko la Mbamba, inayamba kulira ndikaponda mabuleki. Ndikamadutsa pa tchalitchi cha St Peter's ku Chipyela, ana ankatsanzira kulirako.

Ndinaimbira foni kampani ya ku Mzuzu komwe ndinaigula. Anandiyankha mwaulemu ndithu: "Bwerani nayo bwana, tidzaione." Anaiwala kuti pakati pathu pali nyanja. Ndalama zokwezera galimoto m'sitima mpaka ku Nkhata Bay zingagule mabuleki atsopano kangapo.

Ndinapita kwa makaniko wina amene amakonza njinga zamoto ndi mainjini a maboti pansi pa mlambe. Atamasula tayala anandionetsa mchenga wa m'misewu yathu, kenaka mapadi otheratu.

"Achimwene, kukanakhala kulira kwa mchenga wokha tikanangotsuka. Apa chitsulo chikudya chinzake. Musatsike nayo chitunda mutanyamula simenti," anatero.

Ndinaiimika sabata yathunthu kudikira kuti Ilala ibweretse mapadi, katundu wa anthu akusenzedwa pamutu. Atafika, ntchito yowaika sinathe ola limodzi.

Inu ogulitsa magalimoto, ndalama zathu munalandira. Bwanji osamatumiza makaniko ndi zipangizo pa Ilala ngakhale kamodzi pa miyezi itatu? Likoma nayonso ndi Malawi.