Kalata kwa Mphwanga: Za Makanema a Bruce Lee

Katete

Wokondedwa mphwanga,

Kalata yako inatipeza tonse tili moyo, ndipo mtima wanga unakondwera pakumva kuti ndalama za mpendadzuwa wa chaka chino sunazimwaze, koma wagula TV yaikulu ndi sola, nupeza kanyumba pa Sinda m'mbali mwa msewu wa ku Chipata koonetseramo kanema. Wandifunsa chifukwa chake kanema mmodzimodzi wa Bruce Lee ukumupeza ndi maina awiri, kwina wamtali kwina wamfupi, kwina wowala kwina wachimbuuzi, ndi kuti weniweni ndi uti. Wachita bwino, pakuti safunsa anadya phula. Ndiponso ntchito wayambayi inalowa m'banja mwathu iwe usanabadwe.

Agogo ako aamuna, pamene anali kukumba mkuwa ku mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya m'zaka za m'ma 1950, ankaonera bayisikopo pabwalo la m'komboni, kumene mwamuna aliyense wokwera kavalo ndi mfuti m'chiuno ankatchedwa Jack, ndipo atabwerera kumudzi anatilera ndi nkhani zake. Ife tinkangoona galimoto ya boma ya zofalitsa nkhani, yobwera mwakamodzikamodzi kudzaonetsa za ulimi pansalu yoyera. Koma amene anagwira mitima ya mbadwo wathu ndiye Bruce Lee, mnyamata wobadwira ku San Francisco mu 1940, wokulira ku Hong Kong, amene anamwalira pa 20 July 1973 ali ndi zaka 32 zokha, atatsiriza makanema anayi a nkhonya: The Big Boss wa 1971, Fist of Fury ndi The Way of the Dragon a 1972, ndi Enter the Dragon amene anatuluka mwini wake ataikidwa kale m'manda. Sunga chiwerengero chimenechi, chifukwa amalonda adzakuuza kuti alipo makumi atatu.

Malemu mkulu wanga, malume ako aakulu, ndiwo anabwera ndi deki ya VHS kuchokera ku Kamwala ku Lusaka, m'masiku amene a Kaunda ankachoka pampando, kapena patangopita pang'ono, nakhoma mabenchi m'nyumba ya udzu kuseri kwa masitolo, jenereta ikulira kunja, ine ndili pakhomo kulandira ndalama. Matepi athu anali ojambulidwa kuchokera ku matepi ena ojambulidwanso, kotero kuti nkhope zinali zofiirira ndipo mizere inkayendayenda kumunsi kwa galasi. Chimene chinali choipa koposa n'chakuti makanemawa anajambulidwa otambalala, m'lifupi mwake kuposa kawiri msinkhu wake, ndipo opanga matepi, pofuna kudzaza TV ya makona anayi ija, ankadula mbali zonse ziwiri, kutaya pafupifupi theka la chithunzi. Chotero m'ndewu ya ku sukulu ya Ajapani mu Fist of Fury, pamene adani amuzinga munthu mmodzi, ife tinkaona mwendo ukuponyedwa ndi munthu akulira, koma wogwayo osamuona.

Panalinso matepi ochokera ku Britain, okongola chikuto, amene malume ako ankawanyadira. Koma kumeneko akuluakulu oyang'anira makanema analamula kuti paliponse pooneka timitengo tiwiri tolumikizidwa ndi unyolo tija, totchedwa nunchaku, padulidwe, ndipo lamulolo linakhalapo kufikira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ndewu ya kuseri kwa nyumba yodyera ku Rome mu The Way of the Dragon inkangodumpha, ndipo anyamata amene anaionera yathunthu ku Chipata ankaimirira kukuwa kuti tawabera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Matepi onsewo, amene anadzaza sutikesi yachitsulo, ukanawalandira ndiwe, pakuti ndiwe mwana wa mlongo wa malemuwo; koma maliro awo atangotha, tisanamete n'komwe, alamu athu anati akatisungire, ndipo tinangomva kuti deki inaoloka pa Chanida kukagulitsidwa ku Mozambique pamodzi ndi jenereta. Amayi ako anati tisapite nazo kwa amfumu, ine ndinamvera, koma mtima sunaiwale. Alamu omwewo ndiwo tsopano akuyendayenda kupempha thandizo la ukwati wa mwana wawo wamkazi, amene akuti wapeza mwamuna wogula soya ku Vubwi, wina akuti ali kale ndi mkazi ku Malawi. Anabwera kuno Lamulungu lapitali atavala jekete, nakhala mpaka nsima ya madzulo, za sutikesi osatchulako. Pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika tinakumananso, anandipatsa moni ngati palibe kanthu. Ukawaona pakhomo pa kanema wako, uwalandire mwaulemu monga akulu, koma makiyi asawagwire.

Tsono za maina. Makanemawa popita ku America maina anasokonezeka: The Big Boss anatchedwa Fists of Fury, Fist of Fury weniweni anatchedwa The Chinese Connection, ndipo The Way of the Dragon anatchedwa Return of the Dragon. Usadalire cholembedwa; yang'ana nkhani. Wa ku fakitale ya madzi oundana ku Thailand ndiye woyamba, wobwezera imfa ya mphunzitsi ku Shanghai ndiye wachiwiri, womenyana ndi Chuck Norris ku Colosseum ndiye wachitatu, wa pachilumba ndi chipinda cha magalasi ndiye wotsiriza. Chenjera ndi Bruce Li, Bruce Le ndi Dragon Lee, anthu ena ndithu amene anadyera dzina la wakufa. Ngakhale Game of Death wa 1978, wa chovala chachikasu uja, muli mwini wake mphindi khumi ndi imodzi zokha chakumapeto. Kwina kochuluka ndi anthu ena obisa nkhope ndi magalasi akuda, ndipo opangawo sanachite manyazi kuikamo zithunzi za maliro ake enieni, chinthu chimene ine sindinachikhululukire.

Pambuyo pa matepi panadza ma VCD, kanema mmodzi pa zimbale ziwiri, chifukwa chimbale chimodzi sichinkapitirira mphindi 74 kapena 80, ndipo chachiwiri chinkasowa nthawi zonse. Kenaka anadza ma DVD a m'misika aja, makanema khumi kapena kuposerapo pa chimbale chimodzi, ofinyidwa kotero kuti nkhonya ikathamanga chithunzi chimasweka timabokosi. Ndipo zambiri zimene anyamata akukuikira pa fulashi lero zinachokera kumeneko. Abwino alipo. Enter the Dragon wa 1998, wokumbukira zaka 25, anabwezeramo chigawo chimene Lee akambirana ndi mkulu wa kachisi wa Shaolin. A Criterion anatulutsa onse pamodzi pa Blu-ray mu 2020, ndipo a Arrow anatsatira mu 2023, atatsuka zithunzi kuchokera ku filimu yoyambirira. Mtengo wake ndi wowawa, koma mwana wa azakhali ako ali ku Johannesburg uja angakufunire. Chizindikiro chapafupi ndi mizere yakuda kumwamba ndi kumunsi kwa galasi: anthu adzadandaula kuti TV siyikudzaza, iwe usatambasule chithunzi, uwafotokozere kuti pamenepo ndiye akuona zonse.

Dziwanso kuti mawu Achingerezi a m'makanema atatu oyambawo si a Bruce Lee. Ake enieni uwamva mu Enter the Dragon. Omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata a ku Malawi amakoka anthu, ndipo sindikuletsa, koma uyambe wawamvera wekha, pakuti ena amathiramo zolaula zosayenera pamaso pa ana ndi apongozi. Kanema aliyense umuonere kuyambira poyamba mpaka potsiriza usanalembe dzina lake pabolodi. Ana a yunifolomu usawalowetse nthawi ya sukulu, ngakhale atabwera ndi ndalama m'manja, chifukwa makolo akakudandaula kwa amfumu dzina loipa lidzagwera mtundu wonse. Chilolezo cha ku khonsolo utenge usanatsegule, ngongole pakhomo usalole, ndipo Lamulungu m'mawa utseke.

Ndidzabwera tikatha kugulitsa thonje, ndidzaone mabenchi ndi waya wa sola ngati waikidwa bwino. Undisungire The Way of the Dragon wosadulidwa. Upereke moni kwa amayi ako, uwauze kuti mbewu ya nyemba ija ndawasungira.

Ine mtsibweni wako.