Madzulo Amene Ndinapalasa Njinga mu London

Kwathu ku Dedza njinga ndi ya ntchito. Imapita ndi chimanga ku chigayo, imanyamula wodwala usiku. Chotero mwana wanga wachisamba, mnyamata wa zaka 16, atandiuza kuti, "Bambo, Lachisanu tiyeni tikapalase njinga ndi gulu," ndinamfunsa kuti tikukatengako chiyani kumeneko. Iye anaseka. Kusekako ndiko kunandivomeretsa, pakuti panali patapita miyezi yambiri tisanasekere pamodzi. Iye akaŵeruka kusukulu ankadzitsekera kuchipinda, ine ndili pa ulendo wa ku ntchito ya usiku.

Ulendowo amautcha Critical Mass. Unayambira ku San Francisco m'chaka cha 1992, ndipo mu London anthu akhala akusonkhana kuyambira 1994, Lachisanu lotsiriza la mwezi uliwonse, pansi pa mlatho wa Waterloo, m'mphepete mwa mtsinje wa Thames. Palibe wapampando, palibe wolemba maina, ndipo njira sapanganiratu. Akutsogolo akakhota, onse amakhota. Apolisi anafuna kuti aziuzidwiratu kodzera, koma mu 2008 oŵeruza a House of Lords anagamula kuti ulendowu ngochitika mwa chizoloŵezi, sufunika chidziŵitso chotero.

Tinanyamuka kachisisira, mabelu ali ngwee ngwee, wina atamangirira wailesi pakaliyala. Ine ndinali nditatsiriza kupalasa pa Humber ya atsibweni anga, koma miyendo siiŵala. Mseu umene masiku onse ndimauoloka mtima uli m'mwamba unali wathu, ndipo kwa nthaŵi yoyamba ndinakweza maso ndi kuona kukongola kwa nyumba zimene ndakhala ndikuzidutsa zaka zambiri.

Pa mphambano ina ndinacheuka, mwana palibe. Pamene gulu likudutsa, ena amaima ndi njinga zao kutsogolo kwa magalimoto ochokera m'mbali, kuti galimoto isaloŵe pakati pa anthu. Ndinampeza pamenepo, ataima patsogolo pa takisi, dalaivala ali kuliza hutala ndi kukalipa. Ndinachita nthumanzi. Ine ndinaleredwa kuti mwana satsekereza njira ya munthu wamkulu, ndipo mlendo m'dziko la eni sayamba mlandu. Ndinafuna kumkoka dzanja pamaso pa anzake onse. Koma ndinamumva akupepesa mwaulemu, akuti angodikira pang'ono pokha, kumbuyoko kukubwera ana. Ndinatsika, nkuimika njinga yanga pambali pa yake.

Dalaivala uja sanapole mtima, ndipo ine sindimuimba mlandu. Iyenso anali kufunafuna chakudya cha ana ake, pamene ife tinali kuseŵera. Mpaka lero nkhani imeneyi sitinagwirizane ndi mwana wanga.

Pobwerera tcheni cha njinga yake chinavuka ndi kukanirira. Iye anatulutsa foni kuti afunse nzeru. Ine ndinagadabuza njingayo, ndinatola kamtengo, ndipo posakhalitsa gudumu linali kuzungulira. Anandiyang'ana ngati sanandionepo.

"Bambo, munaphunzira kuti zimenezi?"

Ndinamuuza za usiku umene ndinakweza agogo ake pakaliyala kupita nao ku chipatala cha Nkhoma, tcheni chikuvuka pa chitunda chilichonse. Sitinakwerenso. Tinayenda pansi tikukankha njinga, manja anga ali bii ndi girizi, iye akufunsa kuti agogowo anali kudwala chiyani.